Chikhomo ndi Chingwe

Akuluakulu akale adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Akuluakulu omwewo adatinso kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Munthu womva miyambi iwiriyi mothamanga angayese kuti makolo ankadzitsutsa okha, pakuti mwambi woyamba ukutuma mwana kuti apite kutali, pamene wachiwiriwo ukumuitana kuti abwerere kumudzi. Komatu miyambiyi ndi ya bere limodzi, ndipo mboni ya chibale chake ili pamalo amene ambiri sangawaganizire: m'buku la masamu a ku sekondale, pamutu wa kuzungulitsa timadontho ndi zithunzi pa pepala la timabokosi. Mutuwu umasautsa ana ambiri a m'boma la Rumphi monga uchitira ndi anzawo a m'maboma ena, chikhalirecho nzeru yake idamera kalekale pabwalo la mudzi, ndipo mmisiri aliyense amene adamangapo nkhokwe amaidziwa ndi manja ake.

Pepala la timabokosi

Poyamba nkofunika kulongosola bwalo limene ntchitoyi imachitikira. Wophunzira amatenga pepala logawidwa timabokosi tofanana, nalembapo mizere iwiri yopingasana ngati mphambano ya njira. Mzere wogona umatchedwa x, woimirira umatchedwa y. Pamene mizereyi yakumana ndiye pachiyambi, pamene mabuku a Chingerezi amati origin, ndipo manambala a malowo ndi (0, 0). Kadontho kalikonse ka pa pepalapo kamadziwika ndi manambala awiri. Kuti zimveke msanga, munthu aganize kuti pepalalo laligoneka pansi, mbali ya kumanja yaloza kum'mawa, kumutu kwake kwaloza kumpoto. Pamenepo (3, 4) akutanthauza kuti munthu wachoka pachiyambi, waponda mapazi atatu kulowera kum'mawa, kenaka mapazi anayi kulowera kumpoto. Akalowera kumadzulo kapena kummwera, nambalayo imavala chizindikiro cha mayinasi. Njira yotchulira malo ndi manambala imeneyi imakumbukiridwa ndi dzina la René Descartes, katswiri wa ku France amene adasindikiza maganizo ake m'chaka cha 1637.

Pozungulitsa kadontho pamafunika zinthu zitatu: malo okhazikika ozungulirapo, kukula kwa ngodya, ndi mbali yolowera. Ulendo wathunthu wozungulira ndi madigiri 360, chiwerengero chimene dziko lidalandira kuchokera kwa anthu akale a ku Babulo. Theka la ulendowo ndi madigiri 180, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi madigiri 90. Ana ambiri amangoloweza malamulo atatu kapena anayi onena za kusinthanitsa x ndi y, koma tsiku la mayeso likafika mayinasi uja amawasochera, pakuti chinthu choloweza popanda kuchimvetsa chili ngati madzi otungira m'lichero.

Mmisiri wa ku Henga ndi mdzukulu wake

M'mudzi wina wa m'chigwa cha Henga mudali mmisiri wokalamba amene adamanga nyumba zozungulira ndi nkhokwe kwa zaka zambiri. Chaka china, anthu atatha kukolola, kudabwera mdzukulu wake wamkazi wa Fomu 3 kuchokera ku Mzuzu kudzachita tchuthi. Mwanayo adali wakhama, koma mutu wa kuzungulitsa zithunzi udamugonjetsa pa mayeso a kumapeto kwa teremu, ndipo mtima wake udali utayamba kutaya masamu onse. Zimenezi sizidali zochepa, pakuti iye ankafuna kudzaphunzira unamwino, ndipo popanda masamu khomo limenelo silitseguka. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi kope lake, kunong'ona malamulo aja ngati wobwereza katekisimu.

Tsiku lina mkuluyo ankayeza malo a khitchini yatsopano. Adakhoma chikhomo pakati pa malo oseseratu, namangapo luzi, ndipo kunsonga ina ya luzilo adamangako kamtengo kosongoka. Adakoka luzi kuti lilimbe, nayamba kuyenda chowerama, kamtengo kakulemba pansi, mpaka mzere udakumana pomwe udayambira. Mdzukulu uja adaika kope pansi nasendera pafupi. Adalankhula m'Chitumbuka, koma mawu awo adali otere.

"Agogo, bwanji simukulola kuti luzilo lilende ngakhale pang'ono?"

"Likalenda, mama, nyumba ituluka yopindika ngati dzira, ndipo denga lidzakana kukhalapo. Nsichi iliyonse iyenera kutalikira chikhomo mofanana ndi inzake."

"Nanga chikhomocho chikasuntha?"

"Pamenepo ndiye palibe nyumba. Zonse ziyende, ine ndiyende, kamtengo kayende, koma ichi chokha chisayende."

Mtsikanayo adapempha kuti ayeseko. Adalemba pansi mizere iwiri yodutsa pachikhomo, wina woloza kotulukira dzuwa, wina woloza kumpoto. Adaponda mapazi atatu kum'mawa ndi anayi kumpoto, naikapo mwala. Atayeza luzi kuchoka pachikhomo kufika pamwalapo adapeza mapazi asanu. Mkuluyo adaseka, nati amisiri omanga ndi njerwa amagwiritsa ntchito 3, 4 ndi 5 yemweyo pofuna kuwongola ngodya ya nyumba. Mdzukuluyo adakumbukira kuti limeneli ndi lamulo la Pythagoras, pakuti 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo 25 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Kuchokera pamenepo ntchito idayenda, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mwanayo adali atasiya kunong'ona malamulo, chifukwa adali atawaona ndi maso pa dothi.

Malo anayi a mwala umodzi

Zimene mwanayo adaona munthu aliyense angazione. Akatswiri a masamu adagwirizana kuti, pokhapokha funso litanena zina, kuzungulira kumalowera mbali yotsutsana ndi mivi ya wotchi, ndiye kuti kuchoka kum'mawa kupita kumpoto, kumadzulo, kummwera, ndi kubwereranso kum'mawa. Munthu woyenda chotero amakhala ndi chikhomo kudzanja lake lamanzere ulendo wonse.

Tsono mwala uli pa (3, 4) ukazungulitsidwa madigiri 90, njira yonse yofikira pamwalapo imatembenuka nawo. Chimene chidaloza kum'mawa tsopano chaloza kumpoto, ndipo chimene chidaloza kumpoto chaloza kumadzulo. Mapazi atatu aja a kum'mawa asanduka atatu a kumpoto, anayi aja a kumpoto asanduka anayi a kumadzulo. Mwala wafika pa (-4, 3). Apa ndiye pagona chinsinsi chonse cha lamulo loti (x, y) amasanduka (-y, x): manambala asinthana malo chifukwa mbali zasinthana, ndipo mayinasi wabwera chifukwa kumadzulo ndi kumbuyo kwa kum'mawa.

Mwalawo ukayenda madigiri ena 90, onse pamodzi 180, kum'mawa kwasanduka kumadzulo ndipo kumpoto kwasanduka kummwera. Mwala uli pa (-3, -4), kutsidya kwa chikhomo, moyang'anizana ndi pomwe udachokera. Pa madigiri 270 uli pa (4, -3), ndipo malo omwewa munthu angawafikirenso poyenda madigiri 90 okha motsata mivi ya wotchi, monga anthu awiri okumana kuseri kwa nyumba wina atadzera kumanja wina kumanzere. Pa madigiri 360 mwala wabwerera pa (3, 4). M'malo onse anayiwa luzi likadali mapazi asanu. Manambala asinthasintha, mayinasi wabwera napita, koma mtunda wa pakati pa mwala ndi chikhomo sudachepe ndipo sudakule.

Ngodya zina zimafuna chida choyezera ngodya kapena nzeru za sine ndi cosine zimene ana amaphunzira m'makalasi apamwamba. Mwachitsanzo kadontho ka pa (10, 0) kakazungulira madigiri 60 kamafika pamalo amene x ndi 5 ndipo y ndi pafupifupi 8.66. Ngodya ya 60 imeneyi ili ndi chodabwitsa chake chimene luzi lokha lingaonetse. Munthu akatenga utali wa luzi lomwe walembera bwalo, nayeza nalo molunjika kuchoka pamfundo ina ya m'mphepete kufika pa ina, amalowa kasanu ndi kamodzi ndendende mpaka kubwerera poyambira. Madigiri 360 kuwagawa pasanu ndi pamodzi ndi 60.

Pali chinanso chimene mbusa aliyense amadziwa. Nyengo ya dzinja, mbewu zili m'munda, mbuzi zimamangidwa pazikhomo. Mbuzi ya chingwe cha mita imodzi ikazungulira kamodzi imayenda mamita 6 ndi pang'ono, pamene ya chingwe cha mamita atatu imayenda pafupifupi mamita 19. Ngodya ndi imodzi, koma wakutali ndiye amatopa. Chikhomo chokha, chimene chili pa (0, 0), chimazungulira osachoka pamalo pake.

Chithunzi sichiphwanyika

Kuzungulitsa chithunzi chathunthu ndi ntchito yomweyo, kungoti imachitidwa pa ngodya iliyonse ya chithunzicho. Thirayango ya ngodya zake pa (1, 0), (4, 0) ndi (4, 2) ikazungulira madigiri 90 imakaima pa (0, 1), (0, 4) ndi (-2, 4). Idali yogona, tsopano yaimirira. Wokayika ayeze: mbali imene idali timabokosi titatu ikadali titatu, ya tiwiri ikadali tiwiri, ndipo malo a m'kati mwake akadali okwana timabokosi titatu. Chithunzi chasamuka, chayang'ana kwina, koma palibe chimene chathyoka kapena kutambasuka.

Ana amapunthwa pa miyala iwiri. Woyamba ndi kuiwala chikhomo. Mwana amatembenuza thirayango pomwe yaimapo, ngati munthu wocheuka, osakumbukira kuti funso lati izungulire pa (0, 0). Chithunzicho chimatuluka choyang'ana mbali yoyenera koma chili pamalo olakwika, ndipo malikisi amathawa. Kuzungulira pa iwe mwini ndi kwina, kuzungulira pa chikhomo ndi kwina. Mwala wachiwiri ndi kusokoneza kuzungulitsa ndi kuonetsa chithunzi m'galasi. Munthu akaweramira pa dziwe la madzi odikha, dzanja lake lamanja limaoneka ngati lamanzere. Koma dzanja lamanja lolembedwa pa pepala, ngakhale pepalalo lizungulitsidwe tsiku lonse pa tebulo, likhalabe lamanja. Galasi limasinthanitsa manja ndi manzere, pamene kuzungulitsa kumasiya chinthu ndi chibadwa chake.

Njira yodzithandizira ndi yosavuta. Mwana alembe chithunzi pa pepala lopyapyala loonekera, aligoneke pa pepala la timabokosi, abaye singano kapena nsonga ya pensulo pa (0, 0), nazungulitse pepala lapamwambalo. Singanoyo ndiye chikhomo cha mmisiri uja. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwana wodekha ndi singano yake sadzafunanso kuloweza.

Denga, mafuwa ndi bwalo la Vimbuza

Denga la nkhokwe limamangidwira pansi, mapaso ndi mbaliro zake zonse, kenaka anthu amalinyamula pamodzi nalikweza, ndipo nkutheka kuti mwambi woti mutu umodzi susenza denga udabadwira pa ntchito yotereyi. Chokoma cha denga lozungulira nchakuti onyamula safunsana kuti kutsogolo kwake nkuti. Alitembenuze madigiri 10, kapena 100, kapena 200, likhalapo basi. Denga la nyumba ya ngodya zinayi yotalika mbali imodzi lilibe ufulu woterowo, pakuti likadakhala lonyamulika likadagwirizana ndi makoma ake pa madigiri 180 ndi 360 pokha. Nyumba ya mbali zinayi zofanana ikadalola kanayi. M'masamu chiwerengero chimenechi chili ndi dzina lake, ndipo ana amafunsidwa kuti chithunzi chimadzifanana kangati pa ulendo umodzi wozungulira.

Mayi wa kumudzi amayankha funso lomwelo tsiku ndi tsiku pa moto. Mafuwa ndi atatu, ndipo akaikidwa bwino, pakati pa fuwa lina ndi linzake pamakhala madigiri 120, poyeza kuchokera pakati pa moto. Fuwa limodzi likasendera kufupi ndi linzake, mphika umapendekeka ndipo ndiwo zimatayikira m'phulusa. Palibe adamuuza mayiyo za madigiri, koma diso lake limagawa 360 patatu popanda kulakwitsa.

Bwalo lozungulira limaonekanso pa Vimbuza, gule wochiza wa Atumbuka amene amadziwika kwambiri m'boma la Rumphi, ndipo bungwe la UNESCO lidamulengeza kukhala chuma cha mtundu wa anthu m'chaka cha 2005. Amayi ndi ana amapanga bwalo, kuimba ndi kuomba m'manja, amuna akuimba ng'oma, ndipo wodwala amakhala pakati. Maonekedwe a bwalolo ali ndi phunziro lake. Pa mzere wowongoka pamakhala woyamba ndi wotsiriza, wapafupi ndi wakutali, pamene pa bwalo lozungulira onse amatalikira wodwalayo mofanana ndipo nkhope zonse zimaloza kwa iye. Usiku umenewo chikhomo cha mudzi ndi munthu wovutikayo.

Wotchi ya ku Khondowe ndi nyenyezi za pa Nyika

Pa phiri la Khondowe, pamene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, pali nsanja ya wotchi. Wotchi ya mivi ndiyo mphunzitsi wosatopa wa mutuwu. Muvi wautali umayenda madigiri 6 pa mphindi iliyonse, waufupi madigiri 30 pa ola, ndipo yonse iwiri idakhomeredwa pa chikhomo chimodzi. Mwana amene amatha kunena kuti kuchoka 12 koloko kufika 3 koloko muvi waufupi wayenda madigiri 90 wadziwa kale theka la phunziro. Chotsala nchakuti akumbukire kuti masamu amawerenga molowera mbali inayo.

Akatswiri amafotokoza kuti mivi ya wotchi idatsata mayendedwe a mthunzi wa ndodo m'maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene mawotchi oyamba adapangidwa. Ku Rumphi, kummwera kwa ikweta ndi madigiri pafupifupi 11, nkhani imasintha m'miyezi yozizira. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, kotero mthunzi wa ndodo yozika pabwalo umaloza kumadzulo m'mawa, kummwera masana, ndi kum'mawa madzulo. Kumeneku ndi kuzungulira kotsutsana ndi wotchi, mbali yomwe ija akatswiri a masamu adasankha. Mdzukulu wokayika azike ndodo m'mawa, aike mwala pansonga ya mthunzi ola lililonse, ndipo pofika madzulo miyalayo idzamuuza yokha.

Usiku wopanda mitambo pa Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000, thambo limaonetsa kuzungulira kwakukulu koposa konse. Munthu woyang'ana kummwera amaona nyenyezi zikuyenda mozungulira malo amodzi osasuntha, amene ali m'mwamba pang'ono pa malekezero a dziko, pafupifupi madigiri 11 omwe aja. Nyenyezi za mtanda wa kummwera zimaoneka zoimirira nthawi ina, zogona nthawi ina, ndipo gawo lina la ulendo wake zimabisika kuseri kwa dziko. Zimayenda madigiri pafupifupi 15 pa ola, chifukwa dziko lapansi ndilo likuzungulira. Mtandawo umapendekeka usiku wonse, koma maonekedwe ake sasintha, monga thirayango ya pa pepala ija. Madigiri 15 omwewa ndiwo amachititsa kuti nthawi ya m'Malawi ikhale patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya ku Greenwich, pakuti imawerengedwa kuchokera pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa.

Chingwe cha munthu

Tsopano miyambi iwiri ija ingathe kukumana. Boma la Rumphi lakhala likutumiza ana ake kutali kwa zaka zoposa zana. Sukulu ya ku Khondowe idaphunzitsa aphunzitsi, makalaliki, akalipentala ndi omanga nyumba amene adamwazikira m'dziko lonse ndi kunja komwe. Ena adapita ku migodi ya ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Johannesburg, ambiri kudzera ku Wenela, mpaka m'chaka cha 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu kumeneko. Lero adzukulu awo ali ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja zamchere. Mwana wa ng'ona adapezadi maiwe ena.

Masamu a kuzungulira akunena kuti kupita kutali ndi kuyang'ana kwina sikuwononga chinthu. Munthu angathe kusintha chilankhulo cha kuntchito, zovala, zakudya ndi mpingo womwe, nakhalabe yemwe uja, malinga chikhomo chili chozikika ndipo chingwe sichidaduke. Chingwecho ndi zinthu zodziwika: kudziwa mfunda wako ndi mudzi wa atate wako, kufika pa maliro, kuthandiza fizi ya mwana wa mbale, kuphunzitsa ana kupereka moni kwa akulu mogwada kapena mowerama monga mwa mwambo, kulankhula nawo chinenero cha agogo awo ngakhale madzulo okha. Kale anthu ankalemba kalata ndi kutumiza bulangete, lero amaimba foni ndi kutumiza ndalama ya pafoni, koma ntchito ya chingwe ndi yomweyo.

Mwana akamanga mwala ku chingwe nauzunguza pamwamba pa mutu, mwalawo umayenda mwaliwiro koma suthawa. Chingwe chikaduka, mwala subwerera kwa mwini ndipo supitiriza kuzungulira: umauluka molunjika nukagwera kutchire. Makolo adali ndi dzina la munthu wotere, ankati mtchona. M'midzi yambiri mudali amayi amene adakalamba akudikira kalata, ndi ana amene adakula osaona nkhope ya bambo wawo. Amunawo kutali kokha sikudawataye, pakuti anzawo adafika kutali komweko nabwerako. Chidawataya ndi kuduka kwa chingwe.

Mwambo wa Atumbuka uli ndi chitsanzo chokongola cha chingwe chosaduka. Mkazi akakwatiwa amapita kukakhala kumudzi kwa mwamuna wake, kusiyana ndi chikamwini cha m'madera ambiri a Achewa kumene mwamuna ndiye amasamuka. M'chilankhulo cha masamu, chikhomo chake chasuntha, ndipo malo ake ayamba kuwerengedwa kuchokera pa chiyambi chatsopano. Ngakhale zili choncho, mkaziyo amatchulidwabe ndi mfunda wa atate wake, ndi mawu oti Nya patsogolo. Mwana wa kwa Gondwe ndi NyaGondwe, wa kwa Mhango ndi NyaMhango, wa kwa Msiska ndi NyaMsiska, kufikira tsiku la imfa yake. Aliyense womuitana amamukumbutsa kumene adachokera.

Mtundu wonse nawo uli ndi chikhomo chake. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Bolero, kulikulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe, pa mwambo wa Gonapamuhanya, kukumbukira mbiri ya ufumu wa ku Nkhamanga kuyambira pa Mlowoka amene adaoloka nyanja. Ufumuwo udasweka m'nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo udadzutsidwanso m'chaka cha 1907. Obwera ku mwambowo amachokera kutali ndi pafupi, ena pa galimoto zawo, ena pa njinga, ena wapansi, ndipo aliyense amadzaona ngati chingwe chake chikadali cholimba.

Chenjezo la mbuzi

Fanizo lililonse lili ndi malire, ndipo ili nalo liyenera kunenedwa mosamala. Mbuzi yomangidwa pachikhomo chimodzi dzinja lonse imamaliza msipu, nitsala ikuzungulira pa dothi lopanda kanthu. Mbusa wanzeru amazula chikhomo nakachikhoma pa msipu wina. Amishoni a Livingstonia adachita chomwecho: adayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, malungo atawasautsa adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo potsiriza adakwera ku Khondowe mu 1894. Midzi nayo inkasamuka nthaka ikaguga. Kotero chikhomo si dothi lenileni la pamalo. Chikhomo ndi anthu, dzina ndi makhalidwe zimene banja limanyamula posamuka. Banja lokhala ku Lilongwe lingathe kukhala ndi chikhomo cholimba, ndipo banja losachoka pamudzi lingathe kukhala nacho chovunda, ngati achibale sayenderana ndipo ana sadziwa mayina a agogo awo.

Pali chenjezo linanso kwa iwo otsala pakati. Wokhala pachikhomo sayenda, kotero nkosavuta kuti aiwale kutopa kwa amene ali kunsonga ya chingwe. Mwana wa ku Johannesburg amalipira nyumba, amaopa zipolowe zothamangitsa alendo monga zidachitika m'chaka cha 2008, ndipo nthawi zina amagona ndi njala kuti atumize kangachepe kumudzi. Akuluakulu akamakoka chingwe ndi zopempha zosatha, chimaduka ndi kukoka komweko. Mmisiri amakoka luzi kuti lilimbe, koma salikoka mpaka kuzula chikhomo.

Ntchito ya pa tchuthi

M'mera mpoyamba. Mdzukulu amene mutuwu ukumuvuta asadikire Fomu 4 kuti athetse mantha. Pa tchuthi chikudzachi apeze chikhomo, chingwe ndi miyala inayi, asese malo pabwalo, alembe mizere iwiri ija, nayende ulendo wa (3, 4) ndi mapazi ake mpaka abwerere poyambira. Akatha atenge kope, alembe zimene waona, ndipo ayesenso ndi manambala ena monga (5, 2) kapena (-1, 6). Chikhomocho asachikhome yekha: apemphe agogo kapena amalume kuti amugwirire, ndipo ali pa ntchitoyo awafunse kuti mudzi udachokera kuti, adauyambitsa ndani, ndipo ndani mwa achibale adapita kutali osabwerako. Akuluakulu odziwa kulemba bwalo ndi luzi akucheperachepera, pakuti nyumba za njerwa ndi malata zalowa m'malo mwa zozungulira, ndipo chimanga chambiri tsopano chimasungidwa m'matumba m'nyumba. Amene atsalawo ayenera kufunsidwa akadali ndi mphamvu zoweramira pansi. Mwana wochita zimenezi adzalowa m'chipinda cha mayeso a MSCE akudziwa kumene mayinasi amachokera, ndipo tsiku limene adzakwere basi ya kutali adzadziwanso kumene iye mwini adachokera. Madzi saiwala khwawa.